Kuwerenga Anamwino Lero Pokonzekera Odwala a Mawa: Nkhani ya ku Kasungu

Namwino saphunzitsidwa tsiku limodzi. Wophunzira amene walowa sukulu ya unamwino chaka chino adzayamba kuthandiza odwala pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo akapeza kuti boma lilibe ndalama zomulembera ntchito adzadikiranso. Izi zikutanthauza kuti anamwino amene adzakhale akuthandiza amayi pochira ku Santhe, ku Chulu kapena pa chipatala chachikulu cha Kasungu zaka zisanu zikubwerazi akukonzedwa lero lino, apo ayi sadzapezeka. N'chifukwa chake mayiko amachita kafukufuku wa anamwino ndi azamba, kuti adziwe alipo angati ndi kuti mtsogolo mudzafunika angati.

Funso lenileni ndi liti?

Funsoli lili ndi mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi ya anamwino amene alipo: ndi angati, ali kuti, ali ndi maphunziro otani, ali ndi zaka zingati, ndipo ndi angati amene akuchoka. Yachiwiri ndi ya ntchito: anthu adzakhala angati, adzadwala matenda anji, ndipo kuwathandiza kudzatenga nthawi yochuluka bwanji. Yachitatu ndi ya ndalama: boma, zipatala za mishoni ndi mabungwe angathe kulipira anamwino angati. Mbali imodzi ikasiyidwa, ndondomeko yonse imapotoka. Dziko likhoza kuphunzitsa anamwino ambiri n'kulephera kuwalemba ntchito, kapena kumanga chipatala chokongola chopanda womuikamo.

Mawu akuti namwino nawonso amaphimba magulu angapo. M'Malawi muli anamwino a digiri, amene amaphunzira zaka zinayi pa Kamuzu University of Health Sciences, pa Mzuzu University ndi m'masukulu ena. Muli anamwino ndi azamba a dipuloma ya zaka zitatu, ambiri mwa iwo ochokera m'makoleji a mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's ndi Malamulo, ndipo awa ndiwo asenza ntchito yaikulu ya m'zipatala zazing'ono. Kuyambira 2011 mulinso azamba othandizira a m'madera, amene maphunziro awo ndi afupi. Alangizi a zaumoyo si anamwino, komabe ntchito yawo ya katemera ndi sikelo ya ana imachepetsa katundu wa namwino. Kafukufuku wophatikiza magulu onsewa pamodzi amabisa zambiri.

Kumene nkhaniyi yachokera

Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo ndi limene limasunga kaundula wa anamwino ndi azamba ololedwa kugwira ntchito. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979. Kwa zaka zambiri funso la chiwerengero linkayankhidwa pongoona mndandanda wa malo a ntchito amene boma linavomereza.

Zinthu zinafika poipa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Edzi inadzaza mawodi ndi odwala, ndipo inapha ena mwa ogwira ntchito m'zipatala momwemo. Malipiro anachepa mphamvu chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Anamwino ambiri odziwa ntchito anapita ku Britain, ena analowa m'mabungwe omwe si aboma. Mu 2004 Unduna wa Zaumoyo unavomereza poyera kuti vutoli lafika pa ngozi, ndipo unayambitsa ndondomeko ya zaka zisanu ndi chimodzi yotchedwa Emergency Human Resources Programme, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund. Ndondomekoyi inaonjezera malipiro ndi 52 peresenti kwa magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, inakuza masukulu, ndiponso inaitana amene anasiya ntchito kuti abwerere. Kauniuni wa mu 2010 anapeza kuti ogwira ntchito m'magulu amenewa anachoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009.

Pa nthawi yomweyo dziko lonse lapansi linali litadzuka. Lipoti la World Health Organization la 2006 linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko 57 amene ankasowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Lipoti la bungwe lomweli la 2020 lokhudza anamwino linati pa dziko lonse panali anamwino 27.9 miliyoni ndipo ankaperewera ndi 5.9 miliyoni, makamaka mu Africa ndi mbali zina za Asia. Kuno kwathu, ndondomeko ya ogwira ntchito zaumoyo ya 2018 mpaka 2022 inagwiritsa ntchito masamu oyerekeza kuchuluka kwa ntchito, ndipo pologalamu ya kafukufuku ya Thanzi la Onse inapanga chida cha pa kompyuta choyerekeza matenda a m'Malawi monse pamodzi ndi nthawi ya ogwira ntchito.

Chiwerengero chimachokera kuti?

Pali magwero anayi, ndipo lililonse lili ndi chilema chake. Kaundula wa khonsolo ya anamwino amaonetsa amene ali ndi chiphaso, koma chiphaso sichinena ngati mwini wake ali m'wodi, ali pakhomo kufunafuna ntchito, kapena ali ku Johannesburg. Mndandanda wa malipiro umaonetsa amene boma likulipira, kuphatikizapo a m'zipatala za mishoni za CHAM amene malipiro awo amachokera ku boma, koma suonetsa olembedwa ndi mabungwe ndi zipatala zolipira. Umathanso kuonetsa munthu pa chipatala chimene anachokapo kale. Malipoti a mwezi ndi mwezi amene zipatala zimatumiza m'makina a DHIS2 amaonetsa kuchuluka kwa odwala, koma amalembedwa ndi namwino yemweyo wotopayo, ndipo mipata imakhalapo. Gwero lachinayi ndi kafukufuku wofika pa chipatala penipeni, monga wa 2013 mpaka 2014 ndi wa 2018 mpaka 2019. Ameneyu ndiye amaona zenizeni, koma ndi wokwera mtengo ndipo sachitika chaka ndi chaka.

Taganizirani chipatala chaching'ono chimene pa pepala chili ndi anamwino asanu. Mmodzi ali kusukulu kukaonjezera maphunziro. Wina ali pa tchuthi cha uchembere. Wina anatsatira banja ku Lilongwe koma dzina lake silinasunthidwe. Otsala awiriwo, mmodzi wagwira usiku ndipo akugona, choncho masana onse sikelo, kulera, mabala ndi chipinda chochirira zili m'manja mwa munthu mmodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wodwala amathandizidwa ndi namwino amene ali pa ntchito tsikulo, osati amene ali m'kaundula.

Kafukufuku wabwino amafunsanso anamwino eni ake. Amafunsa zaka zawo, poti wogwira ntchito m'boma amapuma akafika zaka 60. Amafunsa maola amene amagwira, kuphatikizapo a lokamu (ntchito yoonjezera yogwira pa nthawi yopuma), ndi zimene zingawachititse kukhala kapena kuchoka. Kafukufuku wa Lindsay Mangham ndi Kara Hanson, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti anamwino a m'zipatala za boma m'Malawi ankaika patsogolo mwayi woonjezera maphunziro, nyumba ndi malipiro. Mayankho otere amathandiza kulosera amene adzachoke asanachoke.

Njira zitatu zolosera

Njira yoyamba imayerekeza ogwira ntchito ndi chiwerengero cha anthu. Mu 2006 World Health Organization inati pafunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 2.3 pa anthu 1,000 aliwonse, ndipo mu 2016 inakweza mlingowu kufika pa 4.45. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 840,000 m'boma la Kasungu. Pa mlingo woyambawo bomali likanafunika ogwira ntchito oposa 1,900, ndipo pa wachiwiriwo oposa 3,700. Malawi yense sanafikebe ngakhale pa namwino mmodzi pa anthu 1,000. Njirayi ndi yosavuta ndipo imaonetsa kukula kwa vuto, koma siuza mkulu wa zaumoyo kumene angaike anamwino khumi amene wapatsidwa.

Njira yachiwiri imaona malo a ntchito ovomerezeka ndi kuwerenga amene alibe munthu. Imeneyi ndiyo imatchulidwa kawirikawiri m'nyuzipepala ndi ku Nyumba ya Malamulo. Vuto lake ndi lakuti mndandanda wa malo umatsatira mtundu wa chipatala, osati kuchuluka kwa odwala. Zipatala ziwiri zazing'ono zikhoza kupatsidwa malo ofanana pamene chimodzi chimachiritsa amayi ochuluka katatu kuposa chinzake. Komanso boma likangoonjezera malo pa pepala, chiwerengero cha malo opanda anthu chimakwera ngakhale palibe namwino amene wachoka.

Njira yachitatu imawerenga ntchito yeniyeniyo. Imadziwika ndi dzina lakuti WISN, ndipo World Health Organization inaifalitsa mu 1998 n'kuikonzanso mu 2010. Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Tikachotsa masiku opuma, atchuthi, odwala ndi amaphunziro, namwino mmodzi atsale ndi masiku 210 pa chaka, a maola 8 lililonse. Amenewa ndi maola 1,680. Tsono chipatala chikhale ndi amayi 900 ochira pa chaka, aliyense wofuna maola 4 a mzamba: maola 3,600. Amayi a sikelo abwere maulendo 4,500 a mphindi 20: maola 1,500. Olera abwere maulendo 6,000 a mphindi 10: maola 1,000. Tikaonjezera malipoti, misonkhano ndi maulendo a kumidzi, ntchito yonse ifika maola pafupifupi 6,700. Kugawa ndi 1,680 kukupereka anamwino anayi. Ngati alipo awiri, aliyense akusenza katundu wa anthu awiri, ndipo chimene chimavutika ndi nthawi yomuyeza bwino mayi.

Pali masamu enanso ofunika. Chaka chili ndi maola 8,760. Kuti m'chipinda chochirira mukhale mzamba mmodzi usana ndi usiku osadukiza, pafunika azamba oposa asanu, ngakhale amayi ochira atakhala ochepa. Mwana sasankha ola lobadwira. Apa ndi pamene zipatala za kumidzi zimagwera, chifukwa ntchito yake ikawerengedwa imaoneka yochepa koma chitseko sichingatsekedwe.

Zimene chidikha cha fodya chimaonjezera

Kasungu ndi boma lalikulu, la masikweya kilomita 7,878, ndipo anthu ake anachoka pa oposa 600,000 mu 2008 kufika pa oposa 840,000 mu 2018. Lili ndi chipatala chachikulu cha boma pa tauni, chipatala cha Kaluluma, zipatala za mishoni monga Nkhamenya ndi St Andrew's ku Mtunthama, ndi zipatala zazing'ono monga Wimbe, Simlemba, Kamboni ndi Bua. Matenda akakula wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100 pa msewu wa M1. Kawirikawiri namwino amakwera nawo ambulansi, ndipo maola onse a ulendowo chipatala chake chimakhala chopunguka.

Ulimi wa fodya umasokoneza masamu m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuyenda kwa anthu. Kwa zaka zambiri maesiteti a ku Kasungu akhala akukoka mabanja ochokera m'maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe ndi Machinga. Lamulo la 2021 linathetsa utenanti, koma kufunika kwa antchito m'minda sikunathe, ndipo anthu amabwerabe ndi kubwerera motsata nyengo. Kalembera amachitika kamodzi pa zaka khumi, pamene anthuwa amasuntha chaka chilichonse. Chipatala choyandikana ndi maesiteti chikhoza kuthandiza anthu ambiri kuposa amene mabuku amati ndi a m'dera lake. Zipatala za m'malire ndi Mzimba, Dowa kapena Zambia zimalandiranso odwala osawerengedwa m'bomali.

Yachiwiri ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene anthu akuwokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodya m'zigafa, ndi pamenenso malungo, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera kwa ana zimafika pachimake. Chakudya chimachepa, ndalama za fodya zimakhala zisanabwere, ndipo misewu ya fumbi imaterera. Ndalama zimayamba kuoneka msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo. Choncho m'dzinja anthu ambiri amathamangira ku zipatala zaulere za boma, ndipo ena amafika mochedwa matenda atakula. Kuwerenga ntchito ya chaka chonse n'kuigawa mofanana kumabisa miyezi imene wodi ya ana imasefukira. Njala ya 2002, imene inakantha Kasungu koopsa, ndi kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, zinaonetsa kuti pafunikanso anamwino apadera a nthawi ya ngozi.

Yachitatu ndi matenda a ntchito ya fodyayo. Wothyola fodya wonyowa amalowedwa nikotini kudzera pakhungu, ndipo amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Lipoti la bungwe la Plan la 2009 linati mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya akhoza kulowedwa mamiligalamu 54 a nikotini pa tsiku. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, choncho sizioneka pazokha m'mabuku a chipatala. Palinso mankhwala ophera tizilombo, utsi ndi fumbi la fodya. Matenda amene salembedwa salowa m'masamu a ntchito, ndipo salowanso m'maphunziro a namwino wotumizidwa kuderalo.

Zodziwika ndi zimene anthu amasiyana maganizo

Zina n'zosakayikitsa. Ntchito ikukula mofulumira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ochuluka ndi 2.9 peresenti chaka chilichonse, liwiro limene limawirikiza chiwerengero pa zaka pafupifupi 24. Amayi ochirira kuchipatala anali 55 pa 100 aliwonse mu 2000, anafika 73 mu 2010, ndipo anakwana 91 mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Mu 2016 World Health Organization inalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu m'malo mwa kanayi. Ma ARV aulere kuyambira 2004 apulumutsa anthu ambiri amene tsopano amabwera kuchipatala moyo wawo wonse, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchuluka. Chilichonse mwa izi ndi maola oonjezera a namwino. N'zodziwikanso kuti anamwino ndi ochuluka m'mizinda kuposa kumidzi.

Pa zina akatswiri amasiyana. Nkhani yoyamba ndi ya mlingo woyenera kutsata. Ena amati tiloze pa mlingo wa dziko lonse lapansi, chifukwa kuutsitsa ndi kuvomereza chithandizo choperewera. Ena amati cholinga chosatheka sichitsogolera aliyense, ndipo ndi bwino kuyamba ndi ntchito imene ilipo. Koma a mbali yoyamba amayankha kuti ntchito yolembedwa ndi ya anthu okhawo amene anafika kuchipatala, osati amene anatsala kunyumba chifukwa cha mtunda.

Nkhani yachiwiri ndi yakuti vuto lili pa kuphunzitsa kapena pa kulemba ntchito. Mu 2004 vuto linali kusowa kwa anthu ophunzira. Masiku ano bungwe la anamwino la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi lakhala likudandaula kuti anamwino ambiri omaliza maphunziro ali pakhomo pamene mawodi alibe anthu. Osunga chuma cha boma amati ndalama za malipiro zili ndi malire. Ena amakumbutsa lonjezo la ku Abuja la 2001 lopereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo.

Yachitatu ndi ya kupita kunja. Ena amati namwino wosowa ntchito aloledwe kukagwira kunja mwadongosolo, azitumiza ndalama kwawo. Ena amati dziko losauka lisaphunzitsire mayiko olemera. Malawi ali pa mndandanda wa 2023 wa mayiko 55 amene World Health Organization inati asamakopedwe ogwira ntchito zaumoyo popanda mgwirizano wa maboma.

Yachinayi ndi ya magulu a anamwino. Azamba a maphunziro afupi amaphunzitsidwa msanga ndipo amakhazikika kumudzi, koma ena amaopa kuti popanda wowayang'anira angalephere pa uchembere wovuta. Yachisanu ndi ya thandizo lakunja. Boma la America litaimitsa thandizo lambiri mu Januwale 2025, zinaoneka poyera kuti kulosera kulikonse kuyenera kusiyanitsa olipidwa ndi boma ndi olipidwa ndi mabungwe, poti achiwiriwa angathe kuchoka mwadzidzidzi.

Zoyenera kuchita

Popeza mphamvu zambiri zoyendetsera zipatala za m'maboma zili ku makhonsolo, ntchito yowerenga iyenera kuyambira komweko. Khonsolo ya Kasungu ikhoza kukhala ndi mndandanda umodzi wa anamwino onse, a boma, a mishoni, a mabungwe ndi a zipatala zolipira, wokonzedwanso miyezi itatu iliyonse ndi woonetsa amene alidi pa ntchito. Mndandandawu uziyerekezedwa ndi wa malipiro ndi kaundula wa ziphaso. Ntchito iziwerengedwa mwezi ndi mwezi, kuti tchuthi ndi maphunziro ziziikidwa m'chilimwe ndipo lokamu izikonzedweratu dzinja lisanafike. Mabuku a chipatala azifunsa ntchito ya wodwala ndi kumene akuchokera. Eni maesiteti ndi makampani ogula fodya azipereka chiwerengero cha antchito ndi mabanja awo nyengo iliyonse.

Ku likulu, chiwerengero cha olowa m'masukulu a unamwino chizigwirizana ndi ndalama zowalembera ntchito akamaliza. Ndipo popeza nyumba, madzi, magetsi ndi mwayi wa maphunziro ndizo zimasunga namwino kumudzi, ndalama za zimenezi zilowe m'ndondomeko yomweyo.

Makomiti a zipatala, mafumu, makhansala ndi aphungu ali ndi gawo lawo. Akamapempha chipatala chatsopano azifunsanso kuti mudzakhala anamwino angati, adzachokera kuti, adzagona kuti, ndipo adzawalipira ndani. Inunso owerenga, pa msonkhano wa chitukuko wa m'dera lanu funsani mafunso awiri: chipatala chathu chili ndi anamwino angati amene ali pa ntchito lero, ndipo ntchito imene ilipo ikufuna angati? Mayankho ake alembedwe, apite ku khonsolo, ndipo chaka chamawa mudzafunsenso.